Msoko wa Dzanja Lamanzere

1

Ine ndine telala wa madiresi a ukwati. Munthu akhoza kundinamiza ndi pakamwa, koma ndikatembenuza chovala chake n'kuona kumbuyo kwa msoko, ndimadziwa ngati wosokayo anali pachangu, anali waulesi kapena anali wamanzere. Luso limeneli landidyetsa zaka zambiri. Ndi lomwelinso limene linandigwetsa m'manyazi amene ndikufuna kukufotokozerani.

Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi pakati pa saluni ndi sitolo ya mafoni. Muli makina awiri, tebulo lodulira ndi galasi lalitali limene akwatibwi amaliriramo akadziona. Tepi yoyezera imakhala m'khosi mwanga kuyambira m'mawa, moti mwamuna wanga amati anakwatira anthu awiri, ine ndi tepiyo.

Mwamuna wangayo amakonza makina osindikizira mabuku. Ndi munthu wofatsa, koma pankhani ya tchuthi ndi wamakani zedi. Chaka chilichonse amalimbana ndi abwana ake kuti tchuthi chake chigwirizane ndi kutseka kwa sukulu, n'kubwereka kanyumba kena m'mbali mwa phiri, pafupi ndi mtsinje. Vuto ndi loti sukulu zikatseka ndi pomwe anthu amakwatirana ngati alamulidwa.

"Mayi a Kabatani, chaka chino tipitira limodzi," ankatero akulongedza sutikesi.

"Ndi akwatibwi onsewa? Komanso ine ndikavala chiyani kumeneko? Ndimaveka tauni yonse, koma ndilibe ndi diresi limodzi lomwe lopitira kutchuthi. Tsogolani, ndikupezani."

Mawu amenewa ndinkawanena chaka ndi chaka, ndipo sindinkawapeza. Ndinapitako kamodzi kokha, mwana wathu akadali wamng'ono. Tsiku lachiwiri foni inalira kuti mkwatibwi wina wanenepa, zipi sikutseka. Ndinathamangira basi moti katundu wanga wina ndinamusiya komweko.

Kabatani ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, mtsikana, pano ali ku sekondale. Dzinali analitenga akukwawa, chifukwa ankatola mabatani pansi n'kuponya m'kamwa. Kuyambira pamenepo ndinamuletsa kulowa mu shopu. Atakula, akangosuzumira pakhomo, ine ndinkati, "Choka, udetsa nsalu za eni." Anasiya kusuzumira, ine n'kumati ndili ndi mwana womvera.

2

Chaka china atabwerako kutchuthi, ndinatenga zovala zawo kuti ndisite. Ndinafika pa malaya oyera a mwamuna wanga, aja anang'ambika thumba kalekale, ine n'kumalonjeza kuti ndisoka mawa. Thumbalo linali litasokedwa.

Ndinawatembenuza. Msoko wa pamanja, waung'onoung'ono, wosamalidwa bwino. Koma unapendekera mbali ina, ndipo unayambira kumanzere kupita kumanja. Wosokayo anali wamanzere.

Ndinatenga siketi ya Kabatani. Mpendero unali utatsitsidwa, dzanja lake lomwelo. Ine sindinadziwe n'komwe kuti siketiyo yafupika, koma mkazi wina anaona, n'kugwada pamiyendo ya mwana wanga ndi singano m'manja. Mtima unandiwira ngati ketulo.

Ndinawapeza pabalaza akumwa tiyi.

"Bambo a Kabatani, thumba ili wasoka ndani?"

Anayang'ana malayawo, kenako anayang'ana mwana wake. Kabatani anangoweramira m'kapu.

"Alipo amene anasoka," iwo anatero.

"Alibe dzina?"

"Dzina ali nalo. Bwanji, sanasoke bwino?"

Ndiye n'kumwetulira. Kumwetulira kumeneko n'kumene kunandipha. Mwamuna wolakwa akamakana, mkazi umakhala ndi pogwira. Koma uyu ankamwetulira ngati munthu amene ali ndi switi m'kamwa.

"Iwe Kabatani, kumene munali kuja kumabwera ndani?"

"Palibe, amayi. Ife ndi anti eni nyumba aja basi."

Anatenga kapu yake n'kutuluka. Ndinaona kuti zala ziwiri za dzanja lake lamanja zinali ndi pulasitala. Ndinafunsa, anati ndi minga za kumtsinje, ine sindinafunsenso. Mutu wanga unali utakola pa mawu amodzi aja, anti.

3

M'mawa mwake ndinamuuza Wasaluni, mnzanga wa khomo loyandikana. Mkazi ameneyu ukamuuza kuti mutu ukukupweteka, amakuuza dzina la munthu amene anafa nawo.

"Anti?" anatero akupesa wigi. "Mnzanga, amayamba ndi anti. Chaka chamawa akhala amayi aang'ono. Eni nyumbawo ndi okwatiwa?"

"Ndinamva kuti amuna awo anamwalira."

"Basitu. Iwe ukusokera anzako maukwati, wina akusomola banja lako."

Ndinaseka, koma masana amenewo ndinadula mkono wa diresi molakwika, zomwe zinali zisanandichitikirepo.

Madzulo ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. M'kathumba ka m'mbali munali timiyala tosalala ta kumtsinje, tokulungidwa m'kachidutswa ka nsalu yachikasu ya timaluwa toyera. Wina akanangoti ndi kansanza. Ine ndinakayala patebulo, n'kuona kupindika kwake. Kanali chotsala cha pakhwapa pa diresi. Diresi la munthu wamkulu osati la mwana, ndipo nsalu yake inali yabwino, yoti wogulayo anasankha ndi mtima. Mwamuna wanga, amene sasiyanitsa silika ndi thumba la simenti, anali atayamba kugulira mkazi nsalu.

Nsanje ndi ntchito yolemetsa, abale. Chaka chonse ndinaigwira popanda tchuthi. Mkazi aliyense wopereka moni kwa mwamuna wanga ndinkamuyang'ana manja. Kutchalitchi ndinkaona amene akutsegula buku ndi dzanja lamanzere. Foni yawo ndinaifufuza, osapezamo kanthu, ndipo kusapeza kanthuko kunandikwiyitsa kwambiri, chifukwa ndinati ndiye kuti ndi akatswiri. Akandigwira phewa ndinkadzichotsa. Akafunsa chavuta n'chiyani ndinkati ndatopa.

Tsiku lina ndinawayesa. "Eni nyumba aja ndi munthu wotani? Ine nkhope yawo ndinaiwala."

"Munthu wabwino kwabasi. Wodekha. Kabatani amawakonda kwambiri."

"Nanga inu?"

"Inenso ndimawalemekeza. Mukanapita mukanadzionera nokha."

Ndinati mumtima, ndidzapita, musadandaule.

4

Sukulu zitatsekanso, iwo anatsitsa sutikesi.

"Mayi a Kabatani, chaka chino..."

"Tsogolani, ndikupezani."

"Diresi lopitira mulibe?" anafunsa Kabatani ali pakhomo. Ndinadabwa, chifukwa mwana ameneyu salowerera nkhani za akulu.

"Ndilibe, ukudziwa kale."

Anayang'anana ndi bambo ake. Ine ndinaona kuyang'anana kumeneko, ndipo kunandilasa. Ndinati mkazi ameneyu walanda mwamuna, walandanso ndi mwana yemwe, mpaka akumusungira chinsinsi.

Ndinawasiya akhazikike sabata imodzi. Ndinali ndi diresi la mkwatibwi wina lomwe linatsala mikanda ya pachifuwa, ukwati uli pafupi. Ndinaliphimba ndi nsalu, ndinakhoma shopu, makiyi n'kusiyira Wasaluni.

"Ukafike mwakachetechete," anandilangiza. "Osaimba foni. Ukagwire ndi maso ako."

M'chikwama ndinaikamo zovala zosinthira ndi sizasi yanga yaikulu yodulira. Musandifunse chifukwa chake. Telala amayenda ndi sizasi, ndi mmene ndinadziuzira m'basimo.

Ndinafika masana, dzuwa likuswa mtengo. Kanyumbako kanali monga ndinakasiyira, ka zipinda ziwiri, khonde la matabwa, mipando itatu. Mpando wachitatuwo unandibaya m'maso. Anthu awiri, mipando itatu.

Chitseko chinali chongotsekera. Ndinalowa. Munalibe munthu. Pabalaza panali makadi osewerera, chipewa cha mwamuna wanga ndi nsapato za Kabatani. Kenako ndinatsegula chipinda chomwe mwamuna wanga ankagona.

Kuseri kwa chitseko, pa hang'ala, panali diresi lachikasu la timaluwa toyera.

5

Ndinalitsitsa. Linali lotha kusoka, lositidwa bwino, lonse la pamanja. Ndinalitembenuza. Msoko uja, wopendekera mbali ina, kuyambira m'khosi mpaka kumpendero. Pena ndi pena unali wokhota, koma munthuyo anasomola n'kubwereza mpaka utawongoka. Ntchito ya masabata ambiri.

Ndinachotsa tepi m'khosi n'kuyeza. Mapewa anali ngati anga. Kutalika ngati kwanga. Koma chiuno, mayo ine, chiuno chinali chaching'ono, choti ine sindingalowemo ngakhale nditasala kudya mwezi. Ndinaima pamenepo ndikumuona mkaziyo m'maganizo, wamsinkhu wanga koma wowonda, wopanda msana wopindika ndi makina, akuseka pakhonde pampando wanga.

"Odi, kodi kwabwera alendo?"

Ndinatuluka diresi lili m'manja. Pakhonde panaima mayi wina wamtali, wowonda, wa imvi zochepa m'mbali. Ananyamula jagi ya madzi, ndipo anainyamula ndi dzanja lamanzere.

"Ndinu mayi a Kabatani," anatero nkhope itawala. "Ine ndine mwini nyumba ino, ndakuzindikirani. Koma ndiye mwachita bwino kubwera. Apita kumtsinje, abwera posachedwa."

"Ndinu wamanzere?"

"Ee, chibadwire."

"Mumasoka?"

"Pang'ono chabe, za pamanja." Kenako anaona chimene ndinanyamula, nkhope inasintha. "Mayi, diresi limenelo mukanalibweza kaye pomwe linali. Simunayenere kuliona panopa."

"Sindinayenere kuliona? M'chipinda cha mwamuna wanga?"

Zimene ndinawanena mayi amenewo sindingazilembe m'magazini. Ndinawatcha wakuba, wosowa manyazi, wodyera amuna a eni. Mawu anga anafika mpaka kunyumba zina za alendo, anthu n'kutuluka mbale zili m'manja. Iwo ankangoti, "Mayi, khalani pansi ndikufotokozereni," koma ine khutu ndinalibe. Ndinatulutsa sizasi.

Telala akafuna kuwononga chovala amadziwa podula. Sindinang'ambe mumsoko moti n'kubwezeka. Ndinadula pakati pa chifuwa kutsika, ndinadula chiuno chija mopingasa, ndinachotsa mkono umodzi. Zidutswa zinagwera pamatabwa.

"Nalo diresi lanu," ndinatero. "Mukavale."

Mayiwo anaika jagi pansi. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana kumbuyo kwanga.

Ndinatembenuka. Pamasitepe panaima mwamuna wanga ndi thaulo paphewa, ndi Kabatani, mapazi ali ndi mchenga. Mwanayo sanalire, sanakuwe. Anakwera pang'onopang'ono, anagwada, n'kuyamba kutola zidutswazo chimodzichimodzi. Ankatola ndi dzanja lamanzere. Zala za kumanja zinali ndi pulasitala.

Munthu wosoka ndi dzanja lamanja amadzibaya zala za kumanzere. Zimenezi ndimaphunzitsa aliyense wobwera kudzaphunzira kwa ine. Ndinaima pamenepo sizasi ili m'manja.

6

"Linali lanu, amayi," anatero osadzutsa mutu. "Mumati mulibe diresi lopitira kutchuthi."

Anthu a nyumba zina aja anabwerera m'kati mwakachetechete.

"Koma chiunochi..." Ndi zokhazo zimene ndinakwanitsa kunena, chitsiru ine.

Kabatani analowa m'nyumba n'kutuluka ndi diresi lina, labuluu, lofwifwa m'mapewa. Ndinalizindikira. Ndinalisoka ndekha, ndipo ndinalisiya m'kabati tsiku lija ndinathamangira basi.

"Anti analisunga. Ndinayezera pamenepa. Ndikanakuyezani inuyo, koma simukhala pansi."

Ndiye kuti mkazi wowonda uja, amene ndinamuda chaka chonse, amene ndinkamuona akuseka pampando wanga, anali ine ndemwe, mmene ndinalili tsiku lomaliza kukhala nawo pakhonde limeneli. Mwana wanga ankadziwa muyezo wa mayi amene anachoka, osati wa amene ali nawo.

"Umalembatu ndi dzanja lamanja iwe," ndinatero.

"Kulemba kokha. Zina zonse ndi ili. Anti ndi amene anaona." Anapinda zidutswazo, analowa m'chipinda chake n'kutseka chitseko.

Mwamuna wanga anakhala pamasitepe, thaulo lili m'manja. Sindinawaonepo atakwiya chotero, ndipo mkwiyo wawo unali wa mawu otsika.

"Anandilumbiritsa kuti ndisanene. Nsalu anasankha yekha, chaka chatha. Amaopa kusokera kunyumba kuti muona n'kumuuza kuti msoko wakhota. Ndiye amasoka kuno, m'mawa uliwonse, pampando uwo. Dzulo ndi pomwe anamaliza. Analipachika kwanga kuti lisakwinyike."

"Mukanandiuza, bambo a Kabatani. Munkaona mmene ndinkavutikira."

"Ndinkaona. Pamenepo ndinalakwa, ndinaganiza kuti mukadzaliona tidzaseka tonse. Koma inunso, mayi, chaka chonse munafufuza foni yanga, matumba anga, akazi a kutchalitchi. Manja a mwana wanu simunawayang'ane."

Ndinagwada pamaso pa eni nyumba aja, pamatabwa pomwepo. Anandidzutsa.

"Ine zapita," anatero. "Mwana uja anabwera kwa ine ndi siketi yake, akuti amayi ali otanganidwa. Nditaona mmene wagwirira singano ndinati, bwera ukhale mbali iyi, ife amanzere timaphunzitsana tokha. Ali ndi dzanja labwino. Amati akufuna kudzasoka ngati inu."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Foni inalira m'chikwama. Anali mkwatibwi wanga, akufunsa za mikanda. Mwamuna wanga anandiyang'ana, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti akudikira kuti ndifunse nthawi ya basi. Ndinamuuza mtsikanayo kuti akatenge diresi kwa Wasaluni, apite nalo kwa telala wina amene ndinamutchula dzina, ndipo ndinapepesa. Ananditukwana, ndipo anali ndi chifukwa. Ndinazimitsa foni.

7

Masiku awiri Kabatani sanandiyankhule. Ndinkakhala pampando wachitatu uja manja ali pamiyendo, osadziwa chochita nawo. Ndinaphunzira kuti mwamuna wanga amabera pamakadi, ndiponso kuti mwana wanga amasambira ngati nsomba ndipo akaseka amagwira pamimba ngati malemu mayi anga. Zonsezi eni nyumba ankazidziwa kalekale.

Tsiku lachitatu m'mawa Kabatani anatuluka ndi zidutswa zija, ndi nsalu yotsala pang'ono. Anaziyala patebulo.

"Silingabwerere mmene linalili," anatero.

"Ndikudziwa. Tikhoza kuika lamba pachiuno kuti abise podulapo, ndiye pachifuwa..."

"Sindinakufunseni, amayi. Imani."

Ndinaima. Anatambasula dzanja n'kuchotsa tepi m'khosi mwanga. Palibe munthu anachitapo zimenezo. Anandizunguliza m'chiuno, anayang'ana nambala, n'kukweza nsidze.

"Linali loti silikukwanani n'komwe."

"Ndi mipando ya mu shopu," ndinatero.

"Musapume mokoka mimba, ndikukuonani."

Bambo ake anaseka kuseri kwa nyuzipepala. Iye sanaseke, koma pakamwa panagwedezeka pang'ono.

Anasoka masiku onse otsalawo. Ine ntchito yanga inali kulowetsa ulusi m'singano ndi kutseka pakamwa. Anawonjezera nsalu m'mbali. Podulidwa paja sanabise, anangolumikiza, moti mzere ukuoneka kutsika pachifuwa ndi kuzungulira chiuno. Nditamuuza kuti ndikhoza kumusonyeza kabisidwe kake, anati, "Ayi, pazioneka."

Ndinalivala tsiku lobwerera, m'basi, anthu akundiyang'ana.

Inu amene mukuwerenga, makamaka inu anzanga a manja osapuma, amene mumati tsogolani ndikupezani, ndimvereni. Ine ndinkaganiza kuti ndikugwirira ntchito banja langa, ndipo zoona, sanagonepo ndi njala. Koma kunyumba timangodutsana, wina akuthamangira sukulu, wina ntchito. Ndi pamasiku opuma aja, opanda chochita, pamene munthu amaona kuti siketi ya mwana yafupika, kapena kuti singano amaigwira ndi dzanja liti. Ukapanda kukhalapo, amaona ndi wina.

Pano sukulu zikatseka, shopu ndimakhoma. Makasitomala ena anathawa, Wasaluni amati ndapenga. Mwamuna wanga ndinamupepesa, ndipo nkhani inatha. Koma ndikanama ndikati nsanje inatha. Ndikamaona Kabatani akukhala mbali imodzi ndi eni nyumba aja, mitu itagundana, singano zawo zikuyenda mbali imodzi, mtima umandiwawabe. Mayi amene uja sanandibere kanthu. Anangotola zaka zimene ine ndinazisiya pakhonde, ndipo zimenezo sangandibwezere ngakhale atafuna.

Sabata yatha mwana wanga anabwera ku shopu akuweruka kusukulu. Anaima pakhomo, phazi limodzi m'kati, lina kunja.

"Ndilowe?" anafunsa.

Msinkhu wonse umenewo, akupemphabe chilolezo cholowa mu shopu ya mayi ake.